Mlatho Umene Mfumu Inawoloka Ili Pampando

Mu Ufumu wa Zilibwino munali mwambo umodzi umene sunaphonyedwepo. Mfumu ikati iyendere dera lina, anthu a kumeneko ankalawirira kukapaka laimu miyala ya m'mbali mwa msewu, mitengo mpaka m'chiuno, ndi china chilichonse chimene sichikanatha kuthawa. Maenje a mumsewu ankawathira dothi, ndipo dothilo linkapirira mpaka galimoto yomaliza ya mdipiti itadutsa. Poti Mfumu Mundiyamike Wachitatu inali isanaonepo dziko lake lisanapakidwe, inkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ku Zilibwino miyala imamera yoyera.

Woyang'anira mwambowu anali a Chikutumbwe, Nduna ya Maonekedwe a Dziko, bambo amene mimba yawo inkafika pamsonkhano iwo akadali panjira. Ntchito ankaidziwa, zimenezo tisawanamizire. Chimene chinkawasowetsa tulo n'chakuti laimu amachoka ndi mvula, pamene Mfumu, m'malo motopa ndi ukalamba, inkangokondakondabe kuyenda.

Paphiri loyang'ana likulu panali Yunivesite ya Mudzatiuza, ndipo kuseri kwake, m'chipinda chimene kale ankasungiramo matsache, munali Nthambi ya Zojambula za Pakompyuta. Mkulu wake anali Dokotala Ndaziona Chimtengo, mayi wochepa thupi ndiponso wochepa mawu. Iye ndi ophunzira ake anapanga pulogalamu ya pafoni imene anaitcha Taonani. Munthu akaona mjigo wakufa kapena denga la sukulu litasasuka, ankajambula ndi foni n'kutumiza. Ophunzirawo ankatenga chithunzicho n'kujambula pakompyuta mmene malowo angaonekere atakonzedwa. Zithunzi ziwirizo zinkaikidwa pamodzi pa sikirini: kumanzere mmene zilili, kumanja mmene zingakhalire. Ndaziona ankaganiza kuti akuluakulu akaona ziwirizo, manyazi adzawagwira. Anaphunzira zambiri mayiyu, koma akuluakulu sanawaphunzire.

Ntchitoyi sanaiyambe chifukwa chokonda dziko chabe. Mayi ake, a Nangondo, ankakhala ku Tidikire, kutsidya kwa mtsinje wa Ndilekeni, kumene mlatho unakokoloka iye akadali ku sekondale. A Nangondo anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo mwezi uliwonse ankayenera kuwoloka kudzatenga mankhwala pa kachipatala ka pafupi ndi Msika wa Tingopirira. Ankawoloka pa bwato la a Zingalume, lokalamba ngati mwini wake, lolowa madzi. Bwatolo linkaoneka bwino kamodzi pachaka, pamene linkapakidwa laimu kuti liwolotse Mfumu popita kukathira nsembe kumanda a makolo ake, amene analinso ku Tidikire komweko.

Choncho pa zojambula zonse, mlatho wa pa Ndilekeni ndi umene Ndaziona anautayira nthawi. Anauikira zitsulo zogwirira m'mbali, nyali zoyendera dzuwa, ndi kanjira ka anjinga. Pakati pake anajambulapo mayi wosenza dengu, woyenda mopendekera pang'ono kumanzere. Aliyense wa ku Tidikire akanamuzindikira mayiyo.

Tsiku la Chionetsero cha Kafukufuku litayandikira, a Chikutumbwe anabwera kudzaoneratu zimene Mfumu idzaone. Anatsagana ndi mkulu wa yunivesite, Pulofesa Ndavomera, amene khosi lawo linazolowera kugwedezeka munthu asanamalize kulankhula. Anaima patsogolo pa sikirini ya Ndaziona.

"Ichi chakumanjachi n'chabwino," anatero a Chikutumbwe. "Nanga chakumanzerechi n'chiyani?"

"Ndi mmene zilili, Olemekezeka."

"Mmene zilili? Mwapakapo laimu?"

"Ayi, Olemekezeka. Cholinga chake n'chakuti Mfumu ione zonse ziwiri, isiyanitse."

"Amayi, Mfumu ndi munthu wamkulu. Mukufuna mtima uime?"

Anatuma munthu kukatenga chitenje chokhala ndi nkhope ya Mfumu, n'kuchikoleka kumanzere kwa sikiriniyo. Apa ndiye anaonetsa ukatswiri wawo, pakuti ku Zilibwino palibe amene angachotse nkhope ya Mfumu pamene yaikidwa.

Mfumu itafika, inadutsa mothamanga pa mbaula yosafuka utsi ndi pa chimanga chopirira chilala, koma pa sikirini ya Ndaziona inaima. Inayang'ana mlathowo nthawi yaitali, nyali zake zikuwala, madzi akuyenda pansi mwaulemu.

"Mlatho uwu ndinamanga liti?" inafunsa.

A Chikutumbwe anawerama.

"Chaka chomwe chino, Gogo Chalo. Inu mumamanga zambiri, simungakumbukire zonse."

Ndaziona anatsegula pakamwa, koma Pulofesa Ndavomera anamuponda chala ndi nsapato yawo yonse.

"Dokotala akuti zikomo, Gogo Chalo," anatero a Pulofesa.

"Ndikufuna ndikautsegule ndekha," inatero Mfumu.

Madzulo a tsikulo bwalo la nduna linakumana mwadzidzidzi. Nduna ya Misewu inati mlatho weniweni ungathe kumangidwa, koma anzake anaiyang'ana ngati yatukwana pamaliro, ndipo inakhala pansi. Nduna ya Zaumoyo inati auze Mfumu kuti ku Ndilekeni kwagwa kolera. A Chikutumbwe anakana, amvekere ku Zilibwino kolera anathetsedwa ndi lamulo. Pomaliza anagwirizana kuti amene anabala mlathowo ndi amene aulere. Anaitana Ndaziona n'kumuuza kuti apange kanema woonetsa Mfumu ikudula riboni ndi kuwoloka.

"Limenelo ndi bodza, Olemekezeka," anatero Ndaziona.

"Bodza ndi la anthu osaphunzira," anayankha a Chikutumbwe. "La inu ophunzira limatchedwa luso lamakono."

"Dokotala," anawonjezera a Pulofesa motsitsa mawu, "paja nthambi yanu ili m'chipinda cha matsache. Matsachewo akadali panja, akudikira."

Ataona kuti mayiyo sakugwedezeka, a Chikutumbwe anasintha nyimbo. Anati boma silingalole kuti kanema akhale yekha wopanda mlatho. Kanema akangotuluka, simenti itsatira, chifukwa boma likanena chinthu limachita manyazi kubwerera m'mbuyo. Ndaziona anaganiza za mayi ake ndi bwato lolowa madzi lija, ndipo anakhulupirira chifukwa ankafunitsitsa kukhulupirira. Anapanga kanemayo, ndipo poti sankadziwa kugwira ntchito mwamphwayi, anamupanga bwino kwambiri.

Anakamuonetsa kunyumba yachifumu. Mfumu inakhala pampando wake n'kudziona ikudula riboni, ikuyenda pamlatho mkanjo ukuuluzika, ikupatsa moni mayi wa dengu uja. A Chikutumbwe anafotokoza kuti masiku ano mafumu a m'mayiko otukuka satopa ndi maulendo, amatsegula zinthu ali khale. Koma Mfumu sinkamvanso zimenezo, maso ake anali pa sikirini.

"Ndakumbukira tsopano," inatero. "Tsiku limeneli kunali kamphepo."

"Kunalidi kamphepo, Gogo Chalo," zinavomera nduna zonse, ndipo Nduna ya Zaumoyo inakhosomola posonyeza kuti kamphepoko kanaipweteka.

Kanemayo anamuonetsanso pa Msika wa Tingopirira, pa sikirini yaikulu imene anaikoleka pakhoma la chigayo. Anthu anasiya malonda n'kuonerera mlatho umene unali pamtunda woyenda pansi kuchokera pamene anaimapo. Wogulitsa makala wina anati dziko latukukadi, kale zinthu zinkamangidwa kenako n'kugwa, koma uwu sudzagwa. Mayi wa tomato anati chomwe chamusangalatsa ndi nyalizo, poti palibe amene angazibe.

Simenti sinabwere. Chimene chinabwera ndi lamulo, limene wolengeza anawerenga pamsika pomwepo ndi chimkuzamawu. Mfundo yoyamba inati kunena kuti pa Ndilekeni palibe mlatho ndi mlandu wonyoza chitukuko, ndipo chilango chake ndi ndende. Mfundo yachiwiri inati pamene pali mlatho, bwato ndi chitonzo kwa Mfumu. Asilikali anapita kudoko, nalanda bwato la a Zingalume, n'kulikweza pa lole. Analipereka ku yunivesite kuti likhale chokumbutsa mbiri, ndipo malo amene anapezeka anali pakhomo pa chipinda cha Ndaziona. Pamwamba pake anakhomapo chikwangwani chakuti: Mmene Makolo Athu Ankavutikira.

Anthu a ku Zilibwino salimbana ndi lamulo, amangolizolowera. A ku Tidikire anayamba kuwoloka wapansi, katundu pamutu, zovala atakwinya. Akafika kumsika, a Zingalume, amene tsopano ankangokhala pansi pa mtengo wa mkuyu pafupi ndi doko, ankawalonjera mwaulemu.

"Mwawoloka bwanji, a Nangondo?"

"Pamlatho, bambo, tikanawolokanso pati? Koma lero mlathowo wafika m'chiuno."

"Dzulo unali m'maondo. Ukukula msanga, chitukuko chimenecho."

Mvula yoyamba itagwa kumapiri, Ndaziona anapita kudoko tsiku la mankhwala. Anapeza mayi ake ali pakati pa mtsinje, madzi ali pachifuwa, dzanja limodzi litagwira ndodo, lina litagwira kajumbo pamutu. Ankayenda pang'onopang'ono, mopendekera kumanzere. Ndaziona analowa m'madzi ndi nsapato zomwe n'kukawagwira dzanja. Atafika pamtunda, a Nangondo anakhala pamwala wopaka laimu, akupumira m'mwamba, milomo itatuwa.

"Ndinadziona pa kanema paja," anatero atapezako mpweya. "Unandijambula bwino, mwanawe. Wouma."

"Amayi, ndinkaganiza kuti akaona..."

"Ndikudziwa chimene unkaganiza. Sindikukudzudzula. Koma mwezi wamawa usadzandidikire pano. Madzi awa akakwera pang'ono, ine sindingathe. Ndizidzangotafuna adyo, ena akuti amathandiza."

Ndaziona analira pomwepo, pamaso pa anthu, ndipo sanabise. Zinamuwawa kuti bwato limene linkawolotsa mayi ake analichotsa ndi iye mwini, ndi manja ake, ndi maphunziro amene mayi omwewo anamulipirira pogulitsa thobwa. Pobwerera kuntchito anapeza bwatolo pakhomo pake, nkhuku itaikiramo mazira.

Nthawi ya nsembe inakwana sabata yotsatira. Mwambo unati mvula yoyamba ikagwa, Mfumu ipite kumanda a makolo ake ku Tidikire, ikathire mowa ndi ufa ndi manja ake. A Chikutumbwe anali atakonzeka kale. Anaitanitsa Ndaziona kubwalo la nduna, pamaso pa Mfumu, kuti nkhani ithere pomwepo.

"Gogo Chalo," anayamba motero, "chaka chino musavutike ndi matope. Dokotala wathu apanga kanema wa inu mukuthira nsembe. Mowa udzaoneka wochita thovu kuposa weniweni."

Mfumu inamwetulira, pakuti maondo ake anali atayamba kudandaula. "Zitheka, Dokotala?"

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndaziona anagwada monga mwa mwambo, n'kuyankha mofatsa.

"Zitheka, Gogo Chalo. Koma kafukufuku wathu wapeza vuto limodzi. Kumanda kulibe netiweki. Makolo anu sadzamuona kanemayo. Iwo adzangoona kuti chaka chino simunabwere."

Kumwetulira kuja kunazima. Mfumu Mundiyamike sinkaopa munthu wamoyo aliyense, koma bambo ake, Mundiyamike Wachiwiri, inkawaopa ali moyo ndipo atamwalira mantha ake anawonjezeka. Inkati ikadwala mutu, inkadziwa kuti ndi iwowo.

"Ndipita ndekha," inatero. "Si mlatho ulipo?"

"Ulipo, Gogo Chalo," linayankha bwalo lonse, ndipo mawu a a Chikutumbwe anamveka ochepa kuposa masiku onse.

Laimu amene anapakidwa sabata imeneyo sanaonekepo chiyambire ufumuwo. Anapaka miyala kuchokera kulikulu mpaka m'mphepete mwa madzi, ngati kuti ikayera kwambiri iwoloka yokha. A Chikutumbwe anapemphera kuti mvula igwe yoletsa ulendo, koma tsikulo kunacha bwino. Anthu anadzaza mbali zonse ziwiri za mtsinje, ena atakwera m'mitengo. A ku Zilibwino akhoza kujomba kumunda, koma zoterezi saphonya.

Mdipiti unaima pamene msewu unathera. Mfumu inatsika, ndodo yachifumu m'manja, n'kuyang'ana kutsogolo. Panali madzi ofiira, othamanga, atanyamula zinyalala ndi thunthu la nthochi. Inayang'ana kumtunda, inayang'ana kumunsi.

"A Chikutumbwe," inatero pomaliza, "maso angawa akalamba. Tsogolani, ndikutsatireni."

Mpaka lero anthu amatsutsana ngati Mfumu inalankhula mosadziwa kapena modziwa. Koma a Chikutumbwe analibe nthawi yoganizira zimenezo. Akanati palibe mlatho, lamulo lolemba okha likanawatengera kundende. Akanavula nsapato, kukanakhala kuvomera zomwezo, pakuti pamlatho munthu savula nsapato. Choncho anakonza tayi, nakweza chibwano, n'kulowa m'madzi ndi suti yonse. Pulofesa Ndavomera, amene sanaphunzirepo kutsalira nduna ikatsogola, analowa pambuyo pawo.

"Uli bwanji mlathowo?" inafunsa Mfumu madzi atafika m'maondo.

"Wolimba, Gogo Chalo."

Amayi a ku Tidikire anayamba nthungululu. Madzi anafika m'chiuno, kenako anakwera phiri la mimba lija.

"Nanga mukufupikiranji?"

"Ndi ulemu, Gogo Chalo. Sindingatalike pamaso panu."

Atangotero, phazi linaterereka. Mtsinje wa Ndilekeni, umene sunamvepo za lamulo lija, unawanyamula a Nduna ya Maonekedwe a Dziko n'kukawakoleka pa bango chakumunsi, kumene anakangamira akulavula madzi. A Pulofesa anabwerera kumtunda chokwawa. Asilikali anathamangira kwa a Zingalume, amene anali chikhalire pansi pa mkuyu wawo.

"Madala, tapulumutsani a Nduna."

"Ndikanakonda, ana anga," anatero a Zingalume, "koma bwato lili ku yunivesite, likuphunzira."

Asilikaliwo anawakoka a Nduna ndi nsungwi yaitali. Ali m'kati mowakoka, Mfumu inatembenukira kwa Ndaziona, amene anaima pambali, maso ali kutsidya kumene mayi ake anakhala pachitsa.

"Dokotala, inu ndinu wophunzira. Chachitika n'chiyani ndi mlatho wanga?"

Ndaziona anagwada. Mawu ake anatuluka omveka mpaka m'mitengo.

"Gogo Chalo, palibe mlatho. Sunamangidwepo. Ndinaujambula ine pakompyuta."

Chiyambire lamulo lija, aka kanali koyamba kuti mawu amenewo anenedwe poyera. Asilikali anayang'ana Mfumu, Mfumu inayang'ana madzi. Ikanavomera, ndiye kuti kamphepo kaja inakamva pati? Ikanakana, ndiye kuti inayenera kuwoloka. Amene anapulumutsa ufumu tsiku limenelo anali Pulofesa Ndavomera, akuchucha madzi, ndere ili paphewa.

"Gogo Chalo, Dokotala akulankhula chiyunivesite, ndiloleni nditanthauzire. Akuti mlatho woima malo amodzi ndi wachikale. Kafukufuku wathu watulukira mlatho woyenda, umene umachoka tsidya lino n'kukatula munthu tsidya linalo. Woyamba uli kale pasukulu pathu, tinkangodikira tsiku loyenera."

Mfumu inapuma mpweya wautali. "N'chifukwa chake ndimakonda maphunziro," inatero. "Kautengeni."

Lole inathamanga n'kubwera ndi bwato la a Zingalume, atachotsamo nkhuku ndi chikwangwani. Analipaka laimu mofulumira, ndipo Mfumu inakwera asanaume. Inakathira nsembe, makolo analandira, ndipo pobwerera anthu onse anaona kuti kumbuyo kwa mkanjo wachifumu kwayera mbee. Palibe amene anaiuza, poti ku Zilibwino chinthu chopakidwa laimu ndiye kuti chili bwino.

Mawa lake kunatuluka lamulo latsopano. Bwato linakhalabe loletsedwa m'dziko lonse, koma Mlatho Woyenda unaloledwa kunyamula anthu, mbuzi ndi njinga. A Zingalume anapatsidwa udindo wa Injiniya Wamkulu ndi chipewa cholimba chachikasu, chimene anapeza kuti n'chothandiza pokapa madzi. A Chikutumbwe analandira mendulo chifukwa choyesa mlatho ndi thupi lawo. Ndaziona sanamangidwe, poti palibe amene akanatha kumuimba mlandu popanda kubwereza mawu amene ananena. Anamupatsa mendulo nayenso, ndi chipinda chachikulupo, chimene kale ankasungiramo makasu.

Tsiku la mankhwala litakwana, Ndaziona anapita kukawatenga mayi ake. Anakhala moyang'anana mu Mlatho Woyenda, madzi akulowa pa ming'alu yomwe ija, a Nangondo akukapa ndi kachitini. Ndaziona anali wosangalala pang'ono ndiponso wamanyazi kwambiri, pakuti zaka zonse za kafukufuku wake zinathera pobweza bwato pamene linali. Ali pakati pa mtsinje foni yake inalira. Anali a Chikutumbwe, akulankhulira m'mphuno chifukwa cha chimfine. Ndaziona anamvetsera, kenako anaika foni m'chikwama.

"Akuti bwanji akuluakulu?" anafunsa a Nangondo.

"Akuti Mfumu yakondwa ndi yunivesite. Tsopano ikufuna chipatala chachikulu ku Tidikire. Akuti ndiyambe kujambula mawa, odwala azioneka akutuluka akuseka."

A Zingalume anapitiriza kupalasa. A Nangondo anakapa madzi kangapo, n'kuyang'ana mwana wawo.

"Ujambule, poti sungakane. Koma ine usandiikemonso, mwanawe. Anthu awa akandiona pa kanema nditachira, aletsa mankhwala."